Kuyendetsa laser diode ndi LM317 osaiwotcha

Laser diode ikatentha imakoka karenti yochuluka mpaka kupsa, choncho musailumikize ku batire mwachindunji. Tengani LM317, kachipangizo ka miyendo itatu kowongolera magetsi, ikani resistor pakati pa miyendo ya OUT ndi ADJ, diode muilumikize pa ADJ. Karenti ndi 1.25V kugawa ndi ma ohm a resistor: 39 ohm imapereka pafupifupi 32mA, yoyenera ma diode ofiira ambiri a 650nm, 5mW. Onanibe datasheet, pepala la wopanga lofotokoza za diode yanu.

5V ya USB njoperewera. LM317 ndi resistor zimadya ma volt pafupifupi 3, diode oposa 2. Ikani 9V.

Yambani mwayesa ndi ma diode wamba a 1N4007 atatu ndi resistor ya 1 ohm, zolumikizidwa motsatizana m'malo mwa laser. Mita ikawerenga 32mV pa resistoryo, zatheka. Musanalumikize laser, zimitsani magetsi ndipo khuthulani magetsi otsala mu capacitor ya mbali yotulukira ngati ilipo, chifukwa ikakhala yodzaza imapha diode nthawi yomweyo. Ikamawala mozilala ngati LED pomwe karenti ili bwino, yapsa kale. Kuwalako kusakulaseni m'maso.