Kani homoni yokulitsa thupi imapangidwanso m'chiberekero?

Ine kuyambira kusukulu ndinkangodziwa kuti homoni yokulitsa thupi, growth hormone, ndi ya msinkhu basi, imachokera m'kachiwalo kakang'ono kotchedwa pituitary komwe kali pansi pa ubongo, ikachepa mwana amapinimbira, ikachuluka amatalika mopyola muyezo. Ndiye dzana ndikuwerenga za uchembere ndangoona kuti khungu la mkati mwa chiberekero lija, limene limayoyoka mwezi ndi mwezi mkazi akamasamba, nalonso limapanga homoni yomweyi. Ndinachita kubwereza kuwerenga, eee.

Chandigwira mtima kwambiri ndi nthawi yake. Ofufuza anaipeza makamaka dzira likatuluka kale, pamene progesterone, homoni yokonzekeretsa chiberekero kulandira mimba, yakhuthalitsa khungulo n'kulifewetsa, ndipo ndi nthawi yomweyonso imene mluza umafuna pomatirira, cha m'ma tsiku 20 mpaka 24 kwa amene msambo wawo umatenga masiku 28. Ukaphonya masiku amenewo basi khomo latsekeka. Mimba ikagwira khungu lija limasintha, madokotala amalitcha decidua, ndipo limapanganso prolactin, homoni ija tonse timaidziwa kuti ndi ya mkaka wa m'mawere. Chiberekero ichi timachiyesa thumba chabe longosungiramo mwana koma ayi ndithu, chimapanga zakezake.

Ndiye pali nsengwa, iyi nde yandiseketsa. Nayo imapanga mtundu wakewake wa growth hormone, wosiyana ndi wa m'mutu uja pa ma amino acid, tizidutswa tomwe timapanga homoniyi, 13 okha mwa 191, ndipo mimba ikamakula iyiyi imachuluka m'magazi a mayi mpaka pituitary kusiya kutulutsa yake, pofika pakati pa mimba, homoni ya m'mutu ija imakhala ngati kulibe. Mlendo kulanda nyumba. Ya m'mutu imatuluka modukizadukiza makamaka munthu akagona, ya nsengwa imangotuluka usana ndi usiku osapuma, ndipo imachititsa kuti thupi la mayi lisamamvere bwino insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi, kuti shuga wambiri atsalire mwana, n'chifukwa china amayi ena amapezeka ndi shuga ali oyembekezera. Nsengwa ikangotuluka, homoni yakenso imazimiririka m'magazi posakhalitsa.

Pomwe ndikukayika ine ndi pa jekeseni. M'makiliniki ena a IVF, komwe amakumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi kenako n'kuika mluza m'chiberekero, amabaya amayi growth hormone, makamaka omwe mazira awo sakukhwima ambiri kapena khungu la m'chiberekero ndi lopyapyala, losafika mamilimita 7 pa sikani. Maganizo ake akumveka, koma kafukufuku wambiri anachitika pa anthu ochepa ndipo umboni woti ana obadwa amachulukadi sunalimbe, pomwe mankhwalawo ndi odula zedi. Kuti chiberekero chimapanga kadontho kake pamalo pomwepo, pa tsiku loyenera, sizikutanthauza kuti yobaya pamimba igwira ntchito yomweyo. Ine atandiuza kuti ndibayitse, ndingayambe ndafunsa adokotala kuti mwa amayi angati omwe anabayidwa ndi angati anatenga mwana m'manja, osati kungoti khungu linakhuthala pa sikani.