Vidiyo yanga yoyamba: agogo ndi thobwa lawo

Lero Loweruka ndajambula vidiyo yanga yoyamba, mpaka pano mtima sunakhazikike. Kuyambira kale ndimafuna nditajambula agogo akuphika thobwa, poti kuno ku Mufakose ana apakhomo amangoti maheu, Chichewa chikuwathawa pakamwa, pomwe agogowo anachoka ku Dedza mzinda uno ukutchedwabe Salisbury, dzina la Harare likubwera mu 1982 iwo ali kale ndi ana anayi.

M'mawa ndinakwera kombi (minibasi) kukagula chimera cha mawere ku msika wa Mbare Musika. Choimikira foni ndilibe, ndinangoitsamiritsa ku chigubu cha madzi nkuipana ndi njerwa ziwiri.

Koyamba zinakanika. Agogo anakhala pakhomo dzuwa lili kumbuyo kwawo, nkhope yangoti bii, ndiye ndinawatembenuza kuti kuwala kuziwamenya kutsogolo. Kachiwiri mphepo ndi galu wa aneba, mawu osamveka olo pang'ono. Ndinatenga mahedifoni achingwe aja ali ndi kamaiki, nkuwapanira pabulauzi ndi pegi yoyanikira zovala, basi mawu anayera.

Koma agogo anangouma gwa. "Iwe, ndiyang'ane kuti tsopano?" Ine ndati agogo foniyo iiwaleni, muziyang'ana mphika, muzingondiuza ine. Eee apo ndiye anamasuka! Anapisa chala m'phala nkunena kuti chimera sathira phala likuwotcha, thobwa lake silitsekemera, lizizire kaye lifike pofunda. Atawaza chimera nkuvundula ndi mthiko, phala lolimba lija linayamba kusungunuka ndikuona, ndinasendeza foni pafupi manja akunjenjemera, zala zawo zamakwinya zili mbuu ndi ufa zinatuluka bwinobwino. Kenako anayamba kuimba kanyimbo kamene amayi awo ankaimba posinja. Sindinakamvepo chibadwire, misozi inalengeza koma sindinaimitse kujambula.

Madzulo editi pa CapCut, mphindi 23 kuzidula zifike 3, magetsi nkuzimanso batire ili pa 18%. Pamenepo mpomwe ndazindikira kuti ndajambula chopingasa pomwe TikTok imafuna choimirira, 9:16, kaya ndingoika pa YouTube. Nyimbo ija sindinaidule ngakhale sekondi imodzi.

Ndawatumizira azakhali ku Lilongwe pa WhatsApp ngati document kuti isaphwanyike, bandulo yathera pomwepo. Ayankha ndi voice note akulira, akuti nyimboyo anaimva komaliza ali kamtsikana. Mawa mamawa tiwiritsa thobwalo, agogo anena okha kuti nditchaje foni, ndipo avala chitenje chawo chatsopano.