Pamene ndafika ndi ntchito ya backup ya ma VM anga

Seva yanga ya kunyumba ndi kompyuta yakale ya muofesi yomwe ikuyendetsa pulogalamu ya Proxmox VE, ndipo m'kati mwake muli ma VM (makompyuta ongoyerekezera oyenda m'kati mwa kompyuta yeniyeni) a Debian Linux, ina yosunga zithunzi ndi zikalata za pabanja, ina yoyeserapo mapulogalamu. Kwa nthawi yaitali makope a makina amenewa (backup) ndinkawasunga ndi vzdump, chida chokopera cha Proxmox VE, pa disiki yolumikiza pa USB, koma kope lililonse linkatenga malo ngati latsopano, moti disiki inkadzaza msanga. Tsopano ndaika Proxmox Backup Server pa kompyuta ina yaing'ono yapayokha. Pulogalamuyi ndi ya kampani yomwe imapanganso Proxmox VE, ya ku Vienna, ku Austria, ndipo mtundu wake woyamba wokhazikika unatuluka mu Novembala 2020.

Chimene chandikopa kwambiri ndi momwe imasungira disiki ya VM. Imaidula m'zidutswa za 4 MiB, n'kuwerengera chidutswa chilichonse nambala yochizindikiritsa ya SHA-256, ndipo chidutswa chomwe chilipo kale sichisungidwanso kachiwiri, ngakhale chichokere ku VM ina. Popeza makina anga onse ndi a Debian, zambiri mwa iwo n'zofanana, choncho malo amene ankatha msanga tsopano akukwanira makope ochuluka. M'kati mwa VM iliyonse ndaikamo kapulogalamu kotchedwa qemu-guest-agent, kuti pa nthawi yojambula kope kaziimitsa kaye kulemba pa disiki, mafayilo asatengedwe ali pakati polembedwa.

Kuzima kwa magetsi ndiko kwandiphunzitsa zambiri za kagwiridwe ka pulogalamuyi. VM ikamayaka osazima, QEMU, pulogalamu yomwe imayendetsa ma VM, imakhala ndi ndandanda ya malo a pa disiki amene asintha chiyambire backup yapitayo, yomwe amaitcha dirty bitmap, ndipo backup yotsatira imangowerenga malo amenewo n'kutha mofulumira. Ndandandayi imakhala mu memory yokha. Magetsi akazima n'kuzimitsa seva, imatayika, ndipo usiku wotsatira disiki yonse imawerengedwanso kuyambira pachiyambi, ngakhale zotumizidwa zimakhala zochepa zomwe zasintha. Mu log mumaoneka mzere wonena kuti bitmap yapangidwa yatsopano, kenako kanyali ka disiki kamaphethira kwa nthawi yaitali. Deta sionongeka ndi zimenezi, koma disiki yokalamba ngati yangayi imatopa nazo.

Pa nkhani yochotsa makope akale, ndasankha kusunga a tsiku ndi tsiku 7, a mlungu ndi mlungu 4 ndi a mwezi ndi mwezi 6. Ntchito yochotsa makopeyi, yotchedwa prune, imangofufuta ndandanda za makope, ndipo malo amamasuka pokhapokha garbage collection (ntchito yofufuta zidutswa zotsalira) itayenda, yomwenso imasiya zidutswa zosagwiritsidwa ntchito mpaka patadutsa maola 24 ndi mphindi 5. Amene akuyamba kumene asadabwe akaona kuti disiki ikadali yodzaza tsiku lomwelo.

Makope onse kukhala m'nyumba imodzi ndi kuika mbewu ndi chakudya m'nkhokwe imodzi. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anasonyeza ku Blantyre kuti madzi ndi matope zimatenga nyumba ndi zonse za m'katimo, ndiye lamulo la 3-2-1, loti pakhale makope 3 pa zosungira za mitundu 2 ndipo limodzi likhale kutali, ndikuliona kuti n'lofunika kwenikweni kwathu kuno. Ndakonza Proxmox Backup Server yachiwiri kwa achimwene anga m'boma lina, yomwe imakoka zidutswa zatsopano usiku. Poopa kutha kwa bandulo, kope loyamba ndinalikopera kunyumba makina onse ali pa netiweki imodzi, kenako n'kunyamula kompyutayo. Makopewo ndi otsekedwa ndi njira yobisa deta ya AES-256 asanachoke pa seva, ndipo kiyi wake ndamusindikiza papepala ndi lamulo la paperkey, chifukwa kiyiyo akatayika palibe amene angawatsegule, ngakhale ine mwini.

Gawo limene ndimaliona lolemera kuposa onse ndi kuyesa kubwezeretsa. Ntchito yofufuza makope, yotchedwa verify job, imatsimikiza kuti zidutswa sizinaonongeke, koma siinena ngati makina adzayaka. Ndabwezeretsa VM ya zikalata pa nambala ina ya VM, khadi lake la netiweki lili lodulidwa kuti lisalimbirane IP (adiresi ya pa netiweki) ndi VM yeniyeniyo. Yayaka bwinobwino, ndipo ndatsegula zithunzi ndi mafayilo angapo a PDF kuti ndione ndi maso anga kuti zilipo zathunthu.

Chotsala ndi kulumikiza UPS (batire logwira magetsi akazima) ku seva kudzera pa pulogalamu ya NUT, kuti batire likamatsika ma VM azizima mwadongosolo, kenako kuyesa kubwezeretsa kuchokera ku kope la kwa achimwene, pogwiritsa ntchito kiyi wa papepala yekha.