Kapaipi ka mkodzo kaja, magadiyani tamvani

Bambo anga atapangidwa opaleshoni ya m'mimba anawaika katheta, kapaipi kamene amalowetsa kunjira ya mkodzo mpaka m'chikhodzodzo, mkodzo nkumatsikira m'thumba lopachika pambali pa bedi. Gadiyani ndinali ineyo, kugona pa simenti, kutaya thumbalo likadzaza, zonsezo.

Bala linkapola bwinobwino koma tsiku lina madala anayamba kutentha thupi, kunjenjemera ngakhale awafunditse mabulangete, kudandaula msana cha m'mbali umu. Aliyense mu wodi akuti amenewa ndi malungo basi. Anawayeza, malungo mulibe. Chinandiopsa kwambiri ndi choti anayamba kubalalika mutu, kundifunsa ngati mbuzi ndatsekera m'khola, pamene tili mu wodi. Adokotala anatenga mkodzo kupita nawo ku labu, nkupeza kuti ndi matenda a njira ya mkodzo obwera ndi kapaipi komweko.

Zimachitika motere, tizilombo makamaka totchedwa E. coli timene timakhala m'matumbo mwathu timakwera kudzera pa paipi ija kulowa m'chikhodzodzo, kenaka timatha kufika ku impso ngakhale m'magazi. Tsiku lililonse limene paipi yakhala m'thupi mwayi woti tizilombo tilowe umakwera ndi 3 mpaka 7 pa 100, ikatha mwezi ndiye pafupifupi aliyense amakhala nato. Kwa agogo nthawi zina chizindikiro choyamba ndi kubalalikako.

Chimene chimandinyasa ndi nthawi yoona odwala. Abale abwera ndi nsima ndi Sobo, wina akufuna pokhala, wanyamula thumba la mkodzo nkuliika pabedi pamwamba pa miyendo ya wodwala, eee mkodzo wakale uja ukubwerera mkati! Thumba lizikhala mmunsi kuposa chikhodzodzo nthawi zonse koma lisakhudze pansi, paipi isapindike pansi pa ntchafu, ndipo potaya sambani m'manja ndi sopo, kampopi ka thumbalo kasagunde chitini chotayiramo. Komanso musakoke paipi nokha, mkatimo muli kabaluni kamadzi kamene kamaigwira, mukakoka mungang'ambe njira ya munthu.

Zogula Bactrim pa grosale chifukwa mkodzo waoneka wa mbuu kapena ukununkha, ayi ndithu. Zimenezo pazokha sizitanthauza kuti munthu akufunika mankhwala, ndipo tizilombo tambiri masiku ano sitikumva mankhwala tinazolowerawa, nchifukwa chake madokotala amafuna ayeze kaye mkodzo.

Mayi wina amene ankadikirira amuna awo bedi yoyandikana ndi yathu m'mawa uliwonse pa raundi ankangofunsa mwaulemu, "Adokotala, kapaipika kakufunikabe?" Ena ankamuona ngati wovuta koma funso lake ndi lomwelo lofunika, chifukwa anamwino ndi ochepa odwala ndi ambiri, paipi imatha kuiwalika munthu atayamba kale kuyenda yekha kupita kuchimbudzi. Bambo anga anawachotsa paipi yawo, anawabaya majakisoni masiku angapo, kuwawa pokodza kunatenga kanthawi koma mutu unabwerera msanga.