Kupenta asilikali a Keyala ndi penti wa madzi kuno kotentha

Abale anzanga, ena mwakhala mukundifunsa pa Facebook kuti bwanji masiku ano ndikungoponya zithunzi za asilikali zokhazokha, mbalame za ku dambo zija zinapita kuti? Mbalame zilipo sizinathawe kkkk, kungoti zithunzi zakale za a Keyala zandigwira mtima, ndiye lero ndati ndifotokozeko momwe ndimachitira, mwina wina wa ku Ngabu kaya ku Bangula naye angayambe tikhale awiri.

Keyala ija ndi King's African Rifles, inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo batalioni yoyamba ndi yachiwiri zinali za kuno ku Nyasaland, likulu lake ku Zomba komwe mpaka lero kuli nsanja ya chikumbutso ija. Zithunzi zawo zilipo zambiri pa intaneti, makamaka za Imperial War Museum ya ku London. Ine ndimasankha chimodzi nkukapulintitsa pa Nchalo pa pepala la A4, chifukwa kujambula ukuyang'ana pa foni nkovuta, sikirini imangozima iwe uli pakati pa mphuno ya munthu.

Tsono vuto lalikulu la zithunzi zimenezi si mfuti kaya yunifomu ayi, ndi nkhope. Mzungu wakhala pampando kutsogolo amaoneka bwinobwino mpaka ndevu mutha kuwerenga, dzina lake lalembedwa pansi, koma anyamata athu aima kumbuyo aja nkhope zawo ndi mdima wokhawokha pansi pa chipewa, dzina palibe, angolemba kuti askari basi. Wojambulayo amatchera kamera yake poyang'ana khungu la bwana, enawo ziwaonere. Ndiye ukamakopera chithunzi momwe chilili ndekuti nawenso ukupitiriza zomwezo, ukupenta anthu opanda nkhope. Ine zimenezo ndinakana. Ndimachitsegula pa foni nkuwonjezera kuwala mpaka zovala zonse zayera mbuu, pamenepo mpamene tsaya, chibwano ndi milomo zimayamba kutuluka mumdima muja, nkuona kuti ameneyu anali mwana ndithu, mwina zaka 20 sanafike, uyu pambaliyu ndi mkulu ali ndi mphini m'masaya. Zomwe zakanika kuoneka ndimabwereka kwa anthu amoyo, ndimakhala pa msika ndi kabuku kanga nkumajambula mwachangu anyamata a kabaza momwe dzuwa la masana limagwera pachipumi pawo.

Ndipo chonde, khungu lathu musalipente ndi penti wakuda uja wa mu bokosi. Limaoneka lakufa. Sakanizani penti wofiirira ngati dothi wotchedwa burnt sienna ndi wa buluu wotchedwa ultramarine, yambani ndi wopyapyala wa madzi ambiri, aume, kenako muwonjezere pamalo amdima okha, pansi pa chipewa, pansi pa mphuno, m'khosi. Pachipumi ndi pamphuno musiye powala, munthu wa thukuta padzuwa amanyezimira. Penti wa madzi lamulo lake ndi limenelo, umayambira koyera kupita kwakuda, ndipo choyera chako ndi pepala lomwelo, ukaphimba waphimba.

Pa nkhani ya kala ya zovala mpamene pali masewera. Zithunzizi ndi za black and white, ndipo filimu yakale ija chinthu chofiira imachionetsa chakuda. Ndiye chipewa chachitali chija, fez, ukachiona chakuda pachithunzi sungadziwe kuti chinali chofiira kaya chakudadi. Anthu ambiri amangopaka chofiira poti chimakoma m'maso, komatu mabatalioni ena a Keyala ndi omwe amavala zofiira, a Nyasaland zawo zinali zakuda. Kumafunika kuwerenga kaye kuti gululi linali liti, chaka chanji. Nkhondo ya 1914 isanayambe akakhala kutchire amavala juzi ya buluu woderako, kabudula wa kaki, nsalu zokulunga kumiyendo zija nazo za buluu, ndipo ambiri analibe nsapato, phazi pansi. Ukafika ku Burma 1944, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, zonse zasintha, zovala zobiriwira, chipewa cha mlomo waukulu, jombo kuphazi. Kaki ndimapanga ndi penti wachikasu wotchedwa yellow ochre, wa bulawuni woderako wotchedwa burnt umber pang'ono ndi kadontho ka buluu, koma osapaka kala imodzi thupi lonse, malaya otha kuchapa amayera m'mapewa, m'khwapa ndi pamsana pamada ndi thukuta.

Mfuti sindichedwa nayo. Ya 303 ija, Lee-Enfield, thabwa lake limafika mpaka kukamwa kwa mfuti, mphuno yake yobuntha, kabokosi ka zipolopolo 10 kali kutsogolo kwa chokhethemulira. Mukaipatsa mpope wautali woonda ngati ya alenje a kumudzi, madala amene anaigwirapo akusekani. Rula ndi pensulo yosongoka, mwamaliza.

Anthu amene ndimachedwa nawo kwambiri ndi a mtengatenga. Pa nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, asilikali ochokera dziko lino anali pafupifupi 19,000 koma onyamula katundu anali pafupifupi 200,000, ambiri ochita kugwidwa kudzera kwa mafumu, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi malungo. Tangoganizani, pa msilikali mmodzi anthu ngati khumi osenza. Koma pazithunzi amangooneka kumapeto uko, timadontho ta mzere ndi mabokosi pamutu, wojambula sanali ndi iwo ntchito. Ine ndimatembenuza, wa mtengatenga ndimamubweretsa kutsogolo nkumupatsa kala yonse, bwana wa pampando uja ndimangomusiya wa pensulo chabe. Mnzanga wina mphunzitsi anati ukunamatu apa, chithunzi sichinali chonchi. Ndinamuuza kuti akafuna chithunzicho momwe chilili pali fotokope. Munthu aliyense amene ndapenta analipodi pamalopo tsiku limenelo, ine ndangosankha woti ndimuyang'ane. John Chilembwe analemba kalata mu 1914 yodandaula za anthu omwewa kuti akufera nkhondo ya eni, ndiye si ine ndayamba kuwaona.

Chigwa chathu chino nacho chili ndi zake zoti munthu upente, tisamangoti za asilikali ndi za ku Zomba ndi Karonga. Cha m'ma 1890 pa Shire pamayenda sitima ziwiri zankhondo za Angelezi, Herald ndi Mosquito, zija zoyendera gudumu la kumbuyo, ndipo dzina lakale la Nsanje loti Port Herald linachokera pa imodzi mwa izo. Kupenta sitima yotere pa Chiromo nkokoma zedi chifukwa mtsinje, bango ndi migwalangwa sindifuna chithunzi, ndimangopita kukaona ndi maso. Madzi a Shire si a buluu abale, ndi a kala ya dothi, nthawi ya mvula amachita kufiirira.

Tsono kutentha. Ma vidiyo a pa YouTube amakuuza kuti nyowetsa pepala kenako uzisewera ndi penti pang'onopang'ono, eee, amenewo sanafike ku Chikwawa mu Okutobala pomwe kumadutsa madigiri 40. Kuno ukangoyendetsa burashi kamodzi, pobwerera wapeza pauma kale, patsala mzere woipa pakati pa mtambo. Ndiye ndimapenta m'mamawa dzuwa lisanakwere, penti ndimasakaniziratu wambiri mu sosala, pepala ndimalinyowetsa mbali zonse ziwiri nkuliyala pa galasi kuti lisunge chinyezi, fani ndimazimitsa ngakhale thukuta lichite kuyenderera. Madzi a pa mjigo wathu ndi amchere, penti akauma amasiya timawanga totuwa, ndiye ndimasunga a mvula mu chigubu. Pepala labwino ndi lochindikala la 300 gsm, silikwinyika, koma mpaka ukwere Thabwa kukalisaka ku Blantyre ndipo mtengo wake usamve. Pophunzira ndimagwiritsa ntchito kuseri kwa makalendala akale olimba aja, amamwa penti mwa apo ndi apo koma dzanja limazolowera.

China, musatengeke nkupita kukajambula pa geti ya asilikali kaya pa rodibuloko ndi foni kuti mupeze chokopera, mukagona mosayembekezera. Zithunzi zotuluka kale m'nyuzipepala zilipo zokwanira.

Pano ndayamba china cha masiku ano, asilikali a MDF ali m'boti akupulumutsa anthu ku Makhanga nthawi ya madzi osefukira a 2015. Nkhope apa zikuoneka bwino, kamera za lero sizisankha kwambiri. Chikundizunguza mutu ndi yunifomu ya mawangamawanga ija, ukapenta banga lililonse munthu amasowa, amasanduka chitsamba. Ndikuyesa kuyamba ndi thupi lonse kala imodzi ndi mithunzi yake, mawanga ndiike pamapeto ochepa chabe pepala likadali lachinyezi. Ngati alipo amene anayesapo njira ina andiuze, komanso amene muli ndi chithunzi cha agogo anu a Keyala mu sutikesi, chijambuleni pa foni mutumize, koma mulembe ndi dzina lawo.