Fyuluta ya thanki yaikulu kuno kwathu: funsani kaye za malaiti

Thanki yanga ya nsomba ndi yagalasi, masentimita 150 m'litali, 50 m'lifupi, 55 kupita m'mwamba, ndipo imalowa madzi pafupifupi malita 400. Tsiku limene tinailowetsa m'nyumba, amayi akunyumba anaima pakhomo manja ali m'chiuno n'kufunsa kuti, "Nanga nsomba zimenezi tidzadya liti, bambo?" Alendo nawonso amati ndikuweta tichambo. Izi ndi mbuna, tinsomba tokhala m'miyala ya m'Nyanja ya Malawi, tachikasu ndi tabuluu, tandewu kwabasi. Kuti zisamaphane umayenera kuziika zambiri malo amodzi, ndiye tangoganizani ndowe zake.

Poyamba ndinkaganiza kuti ntchito ya fyuluta ndi kusefa zinyalala zooneka ndi maso, ngati sefa ya ufa. Zimenezo ndi zazing'ono. Chimene chimapha nsomba sichioneka. Ndowe ndi zakudya zotsala zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni. M'siponji ndi m'timiyala ta mufyuluta mumakhala mabakiteriya amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, enanso n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, amene savulaza msanga ndipo timamuchotsa posintha madzi. Kuti mabakiteriyawa achuluke mokwanira pamatenga milungu 4 mpaka 6, ndipo amafuna mpweya usana ndi usiku. Choncho fyuluta ndi khola, muli ziweto zamoyo.

Ine ndinayamba ndi canister, chija chonga chigubu chotsekedwa chimene chimakhala pansi pa thanki, madzi kulowa ndi paipi ina n'kutuluka ndi ina. Ndinachigula ku Lusaka n'kubwera nacho pa basi chili pamwendo ulendo wonse wa mu Great East Road, kuopa kuti kumunsi kwa katundu achiphwanya ndi matumba. Pakatoni analemba malita 2,000 pa ola. Oweta nsomba amati madzi onse a muthanki azidutsa mufyuluta kanayi kapena kupitirira pa ola, kwa mbuna kochulukirapo, ndiye ndinati zatheka. Koma nambala ya pakatoni amayeza chigubu chili chopanda kanthu. Mukangoikamo siponji ndi miyala, mphamvu imatsika. Ngakhale zinali choncho madzi anayera mbee, ine n'kumadzitama.

Kenako inafika 2024. Chilala, madzi ku damu la magetsi la Kariba atsika, malaiti kumazima maola ambirimbiri. Apa ndi pamene ndinadziwa vuto la chinthu chotsekedwa. Pampu ikaima, mabakiteriya amamaliza mpweya wa m'chigubumo pa maola ochepa, amafa, madzi n'kuyamba kuola. Usiku wina malaiti anabwera tonse tili m'tulo, pampu n'kudzuka yokha, n'kukankhira madzi oolawo muthanki. M'mawa pabalaza pankanunkha ngati mazira oola, nsomba zili pamwamba kukamwa yasaa. Ndinavuula zakufa 7. Amayi sananene kanthu tsiku limenelo, ndipo ndinawathokoza mumtima.

Mlamu wanga, amene amakonda zomangamanga, anati tipange sump, thanki yachiwiri yapansi yodzaza ndi zosefera. N'zoona kuti kwa thanki yaikulu palibe yoposa imeneyo, komanso ndi yotsegula, mpweya umafika. Koma nthawi zambiri pamafunika kuboola galasi, ndipo mukalakwitsa muyeso, malaiti akazima madzi amatsikira pansi mpaka kusefukira pabalaza. Ndinakana. Timafyuluta tija tokoleka kumbuyo kwa galasi sindinataye nato nthawi, n'ta thanki zazing'ono.

Chimene chandipulumutsa ndi chotchipa kuposa zonse: masiponji awiri aakulu, lina ngodya iyi lina ngodya iyo, oyendera kapampu ka mpweya kokhala ndi batire mkati. Malaiti akazima kamapitiriza kokha, ndipo kamadya magetsi ochepa moti batire lake likatha ndimakalumikiza ku sola yomwe timatchajira mafoni. Masiponjiwo sakongola, n'zoona. Ndinawabisa kuseri kwa miyala. Koma thovu lake limapereka mpweya kwa nsomba ndi kwa mabakiteriya nthawi imodzi, ndipo n'zimene zimafunika mdima ukatalika.

Canister sindinataye. Imagwirabe ntchito yochotsa zinyalala, ndipo ndinaikamo zigoba za nkhono zophwanyaphwanya, poti zimakweza pH (muyeso wa asidi m'madzi, umene umakwera asidi akachepa), ndipo mbuna zimafuna madzi a pH ya kufupi ndi 8. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano malaiti akangozima ndimazula pulagi, ndipo ana onse m'nyumba muno lamuloli amalidziwa. Malaiti akakhalitsa osabwera, ndimatsegula chigubu, kutaya madzi ake, miyala n'kuiika m'beseni la madzi osaya a muthanki. Za hita m'nyengo yozizira ya June ndi July tidzakambirana tsiku lina, imeneyo ndiye imadya magetsi kuposa mafyuluta onse pamodzi.

Chinanso, siponji musamatsukire pampopi. Klorini amene amaika m'madzi kuti ife timwe bwino amaphanso mabakiteriya aja. Loweruka lililonse ndimachotsa ndowa zisanu za malita 20, ndipo siponji ndimaifinyira m'ndowa yomaliza, limodzi sabata ino, linalo sabata yamawa. Madzi akudawo amapita kudimba la kuseri kwa nyumba, ndipo repu ndi tomato wa amayi wanenepa nawo. Masiku ano likafika Lachisanu ndi iwo amene amandikumbutsa kuti, "Mawa musaiwale madzi a nsomba zanu zija."