Kuyeza mavitamini m'magazi: chubu, kuwala ndi malungo

Magazi oyeza mavitamini akachokera kutali, tinene ku Karonga kotentha kuja kubwera kuno ku Mzuzu, zotsatira zake zimatha kuwonongekera panjira makina asanayatsidwe n'komwe.

Wovuta kwambiri ndi vitamini A. Chimene timayeza m'magazi ndi retinol, mtundu wa vitaminiyu, ndipo kuwala kumamuwononga. Mukangotenga mamililita 5 m'chubu cha chivundikiro chofiira, chikulungeni ndi foyilo pomwepo. Dikirani mphindi 30 magazi aundane, kenako apukuseni mu centrifuge, makina ozungulitsa machubu, pa 1,500 g kwa mphindi 10. Madzi achikasu apamwamba aja, serum, muwagawe m'timachubu tingapo n'kusunga pa -20°C, pa -70°C ngati akhala miyezi. Kugawaku n'kofunika: chubu chimodzi chomasungunula n'kuumitsanso mobwerezabwereza chimatsitsa zotsatira. Firijinso ikhale pa jenereta, magetsi athu mukuwadziwa.

Pa HPLC, makina amene timayezera retinol, serum timamusakaniza ndi ethanol kuti mapuloteni akhale pansi, hexane n'kukoka retinol. Timaumitsa ndi mpweya wa nitrogen, kusungunula mu methanol, n'kudutsitsa mu column (kapaipi kolekanitsa zosakanikirana) ya C18, makina akuwerenga pa 325 nm. Retinyl acetate, mankhwala ofanana ndi retinol, amathiridwa koyambirira kuti tidziwe zomwe zatayika panjira. Pansi pa 0.70 µmol/L, malinga ndi WHO, vitamini A ndi wochepa.

Koma mwana wa malungo retinol wake amatsika ngakhale m'chiwindi muli nkhokwe yokwanira. Nambala ya retinol yopanda CRP (puloteni amene amakwera thupi likamalimbana ndi matenda) pambali pake ine sindiikhulupirira. CRP ikapitirira 5 mg/L, thupi likulimbana ndi matenda. N'chifukwa chake kafukufuku wa michere m'thupi wa 2015-16 m'dziko muno ankayezanso CRP ndi AGP, puloteni wina wotere.

Mavitamini B12 ndi folate amayezedwa pa makina a immunoassay, makamaka pamene FBC (kuwerenga maselo a m'magazi) yaonetsa MCV (kukula kwa maselo ofiira) yoposa 100 fL. B12 wa pansi pa 200 pg/mL ndi wochepa. Serum ikaoneka yofiirira, maselo ofiira asweka, kawirikawiri chifukwa chokankha magazi mwamphamvu kudzera mu singano yopyapyala. Maselowo ali ndi folate wambiri, ndiye nambala imakwera monama. Tengani magazi ena basi. Funsaninso ngati wodwala akumwa mapilitsi a biotin okometsera tsitsi, amasokoneza makina ena.

Vitamini D savuta kusunga. Ingoonetsetsani kuti pa fomu palembedwa mtundu wake wa 25-hydroxy, osati 1,25-dihydroxy, chifukwa wachiwiriyu amatha kuoneka bwinobwino munthu ali wopereweredwa.